Bokosi lachitatu pa fomu ija

Usiku wa tochi

Pali usiku wina umene suchoka m'mutu mwanga, ngakhale papita zaka pafupifupi 20. Nthawi imeneyo ndinali clinical officer, kunena kuti woona odwala ndi kupanga maopareshoni ena koma wosakhala dokotala, pa chipatala china cha boma, kutali ndi tauni. Dzina lake tilisiye. Ndinali pa call. Cha m'ma 1 koloko ambulansi inafika kuchokera ku chipatala chaching'ono cha kumudzi, itanyamula mayi amene matenda anamuyamba dzulo lake m'mawa koma osachira. Mutu wa mwana sunkatsika. Mimba inali italimba gwa, ikuoneka ngati yamangidwa chingwe pakati, ndipo aliyense amene anagwirapo ku leba amadziwa tanthauzo lake: chiberekero chatsala pang'ono kung'ambika.

Asisita a ku leba, mayi wachikulire amene anayamba ntchito ine ndili ku pulayimale, anangondiyang'ana kamodzi. "A clinician, apa palibe zodikira. Tiyeni ku fiyeta."

Mnzanga wogonetsa odwala anabaya jakisoni wa pamsana, ine n'kusamba m'manja, n'kuyamba. Nditangocheka khungu, magetsi anazima, mdima bii. Jenereta inalipo, koma kuti mlonda akamudzutse woyatsa jenereta si nkhani ya mphindi imodzi. Anatiombola ndi mayi wina amene ntchito yake inali kukolopa mu fiyeta ndi kutsuka zida. Anapisa m'thumba, n'kutulutsa katochi kake koyendera popita kunyumba, n'kukwera pa kampando, n'kuwalitsa pamene panali manja anga. Osanjenjemera. Ndikasuntha dzanja, kuwala kumanditsatira ndisanalankhule. Mwana anatuluka ali lefu, asisita n'kumupopera mpweya mpaka anatsokomola n'kulira. Pamene jenereta imadzuka n'kuti ndikusoka chiberekero.

Kutacha, apongozi a mayi uja, omwe anali gadiyani, anandipeza pakhonde la wodi. Anagwada, akuomba m'manja. "Adokotala, Mulungu akusungeni." Sindinawakonze. Kwathu kuno aliyense wovala koti loyera ndi adokotala, ndipo munthu akuthokoza suyamba kumuphunzitsa maudindo.

Mnyamata wa tayi

Cha m'ma 10 koloko, ndisanagone n'komwe, anandiitana ku ofesi. Kunali mnyamata wa tayi, wotumidwa ndi bungwe lina kudzawerenga ogwira ntchito zachipatala m'boma lathu. A DHO, mkulu wa zaumoyo wa boma lathu, omwe anali dokotala yekhayo m'boma lonse, anali ku msonkhano kunyanja sabata imeneyo, choncho mlendo anagwera ine.

"Madokotala alipo angati pano, adokotala?"

"Mmodzi. Ndipo si ine."

Anakweza mutu. "Nanga inuyo ndinu ndani?"

"Clinical officer."

Anayendetsa cholembera pa fomu, kutsika, kukwera, kutsikanso. Ndinasuzumira. Fomuyo inali ya Chingerezi ndipo mabokosi ake anali atatu okha: la dokotala, la namwino kapena mzamba, ndi lachitatu lolembedwa kuti "Other", kunena kuti ena. Mnyamatayo anachita manyazi, ndimuchitire umboni. "Pepani akulu, fomuyi sindinalembe ndine. Ndikuikani apa basi." Anachonga bokosi lachitatu.

Majombo anga a ku fiyeta anali asanaume magazi a usiku uja.

Musandimve molakwa, sindinkafuna kuti andilembe kuti dokotala. Sindine dokotala, ndipo ndimadziwa bwino malire a zimene ndinaphunzira. Chinandiwawa ndi ulendo wa pepalalo. Likachoka apa lipita ku Lilongwe, mwina mpaka kunja, likanene kuti m'boma muno muli dokotala mmodzi, anamwino akutiakuti, ndi "ena". Wowerenga ali pa desiki aganiza chimodzi mwa ziwiri: kuti kuno sikuchitika maopareshoni, kapena kuti onse amapanga munthu mmodzi. Ndiye pa mapepala oterewa m'pamene amagawira ndalama za maphunziro, nyumba za ogwira ntchito, ngakhale ulusi wosokera mabala. Amene sanawerengedwe pogawa nsima, ndiwo zimamudutsanso.

Buku la ku fiyeta

Madzulo ake, m'malo mokagona, ndinakatenga kaundula wa ku fiyeta. Buku lalikulu lachikuto cholimba, m'mbali mothimbirira ndi ayodini. Pa mzere uliwonse pamakhala tsiku, zaka za wodwala, mtundu wa opareshoni, ndi dzina la amene wapanga. Ndinayamba kutsegula chobwerera m'mbuyo. Dzina langa, la mnzanga, langa, la mnzanga wina, langa. La a DHO limaoneka mwa apo ndi apo, osati chifukwa cha ulesi ayi, munthuyo anali atasenza boma lonse pamutu: mafuta a ambulansi, mankhwala, malipoti, misonkhano.

Ndinagula kope ku golosale n'kuyamba kukopera. Sindinkadziwa kuti chimene ndikuchitacho chili ndi dzina, kuti kuli anthu ku mayunivesite amene moyo wawo wonse amangofufuza za ogwira ntchito zachipatala: alipo angati, ali kuti, amachita chiyani, amachokeranji. Ine ndinali ndi mkwiyo ndi kope basi.

Zaka zimenezo nkhani ya kuchepa kwa ogwira ntchito inali mkamwamkamwa. Mu 2006 bungwe loona zaumoyo pa dziko lonse la WHO linatchula mayiko 57 amene vutoli linafika posauzana, Malawi ali momwemo, ndipo muyeso wake unali kuwerenga madokotala, anamwino ndi azamba. Boma lathu linali litayamba kale ndondomeko yadzidzidzi imene inawonjezera 52 peresenti pa malipiro a magulu 11 a ogwira ntchito zachipatala. Ndalamayo tinailandira, sindikana. Koma m'nkhani za anthu akuluakulu, clinical officer ankamveka ngati chigamba, chotsekera pobooka podikira kuti madokotala achuluke. Sukulu yophunzitsa madokotala ya College of Medicine inali itatsegulidwa mu 1991, ndipo ambiri ankaganiza kuti ife ndi anthu ongodutsa.

Kenaka mu 2007 mnzanga wina anandipatsa mapepala ofotokopa. Anali kafukufuku wa Garvey Chilopora ndi anzake. Anatsatira maopareshoni a amayi oyembekezera 2,131 m'zipatala 38 za m'Malawi kwa miyezi itatu. Anapeza kuti mwa maopareshoni wamba otulutsa mwana, 90 pa 100 alionse anapangidwa ndi ma clinical officer, ndipo mmene amayiwo anachirira sizinasiyane kwenikweni ndi amene anapangidwa ndi madokotala. Ndinawerenga nditakhala pa sitepe ya ku fiyeta, kawiri. Chinali chimodzimodzi ndi kope langa lija, kungoti ili linali ndi zipatala 38 ndipo linatuluka m'magazini ya akatswiri imene anthu a ku likulu la WHO ku Geneva amawerenga. Chaka chomwecho Fitzhugh Mullan ndi Seble Frehywot analemba m'magazini ya zachipatala ya Lancet kuti mwa mayiko 47 a kumwera kwa Sahara, 25 ali ndi anthu a ntchito ngati yathu, ndipo m'mayiko 9 chiwerengero chawo chikufanana kapena kuposa cha madokotala. Ndiye kuti bokosi lachitatu lija linali lodzaza kuposa mmene mwini fomu ankaganizira.

Kugwira choko

Mwayi wokaphunzitsa pa koleji ina utapezeka, sindinachedwe. Ndinadziuza kuti ndikaphunzitsa ana 40 pachaka ndiye kuti manja anga achuluka. Zinali zoona, koma sizinali zoona zonse. Ndidzabwererako.

Clinical officer amaphunzira zaka 3, kenaka chaka chimodzi cha internship, kugwira ntchito moyang'aniridwa. Medical assistant, amene ali pansi pa clinical officer, amaphunzira zaka 2. Ambiri a ife tinadutsa ku Malawi College of Health Sciences kapena ku Malamulo ku Thyolo. M'zaka zitatu zimenezo uyenera kumuumba mwana wochokera ku Fomu 4 kuti akathe kuona malungo a mwana, shuga ya agogo, fupa lothyoka, ndi mimba yomangika ngati ija, nthawi zambiri popanda womufunsa pafupi. Mabuku ambiri amene ndinawapeza analembedwera ophunzira udokotala a kumayiko kumene sikani ili pakhomo. Buku limati "tumizani kwa katswiri". Mwana wanga akafika ku boma, katswiriyo ndi iyeyo.

Ndiye panali nkhani ya denga. Masiku amenewo makwerero a clinical officer ankathera pa dipuloma. Ukangoimirira, mutu wagunda. Wofuna kukwera ankayenera kukayambiranso udokotala pachiyambi, kapena kusiya odwala n'kulowa za umoyo wa anthu onse kapena za utsogoleri. Panali njira zochepa zapadera, monga maphunziro a miyezi 18 a za mafupa amene anayamba mu 1985, koma digiri ya ntchito yathu yeniyeniyo kunalibe. Ine ndinadutsa njira yokhota: digiri ya zophunzitsa, kenaka masters ya za umoyo, kuwerenga usiku ana atagona. Digiri ya ma clinical officer inadzatsegulidwa ku College of Medicine m'zaka za m'ma 2010, ndipo mbali ya maopareshoni inathandizidwa ndi pulojekiti ya COST-Africa, imene inagwira ntchito ku Malawi ndi ku Zambia mogwirizana ndi Royal College of Surgeons in Ireland. Ophunzira anga ena anadutsa khomo limenelo. Ndinakondwa, ndi kansanje pang'ono.

Akuluakulu amati mapanga awiri avumbwitsa. Ine ndinali ndi atatu: kalasi, wodi, ndi kafukufuku. Kafukufuku woyamba amene ndinalowamo, ndinayenda zipatala zambiri pa minibasi ndi pa kabaza, ndikufukula makaundula odyedwa ndi chiswe. Pepala litatuluka, dzina langa linali kumapeto, pa ndime yothokoza, limodzi ndi madalaivala. Pepala langa loyamba, lolemba ndekha, linabwezedwa kawiri. Wowunika wina analemba kuti sakumvetsa kuti clinical officer ndi ndani, ndiyambe ndafotokoza. Ndinafotokoza. Mpaka lero pepala lililonse ndimayamba ndi ndime imeneyo, ngati mlendo wopereka malonje.

Abale athu a ku America

Pa msonkhano wina wa ophunzitsa zachipatala ndinakhala tebulo limodzi ndi mayi wina wa ku America, pulofesa wophunzitsa ma physician assistant. Ndinali ndisanaonepo munthu wa ntchito yofanana ndi yanga amene ndi pulofesa wa ntchito yomweyo, osati wa chinthu china chimene anathawirako.

Mbiri yawo ndi yaifupi kuposa yathu. Kuno ma medical assistant analipo kuyambira nthawi ya atsamunda, ndipo ma clinical officer anayamba kuphunzitsidwa m'zaka za m'ma 1970. Kwawoko zinayamba mu 1965 ku Duke University, pamene dokotala wina, Eugene Stead, anatenga anyamata anayi amene ankathandiza ovulala m'gulu la asilikali a pamadzi, n'kuwaphunzitsa kwa zaka ziwiri. Atatu anamaliza pa 6 October 1967, ndipo tsikuli amalikumbukira chaka chilichonse. Lero alipo oposa 150,000, ndipo maphunziro awo ali pa mlingo wa masters.

Chimene chinandigwira mtima si chiwerengerocho. Ndi chakuti anthuwa anayamba kudziwerenga okha kalekale. Ali ndi magazini yawo ya kafukufuku wa kaphunzitsidwe. Ali ndi anthu ngati Roderick Hooker ndi James Cawley, amene kwa zaka zambirimbiri akhala akufunsa mafunso ooneka ozizira: physician assistant amaona odwala angati, kumuphunzitsa kumadya ndalama zingati, amakagwira kumidzi kapena m'tauni, amasiya ntchito ali ndi zaka zingati. Mayankho a mafunso ozizirawo ndi amene amakatsegula makomo kwa opanga malamulo.

Mayi uja anamvetsera nkhani yanga ya tochi mpaka kumapeto, maso ali tong'o. Anati kwawo physician assistant amagwira limodzi ndi dokotala, ndipo za kutsegula mimba wekha usiku, dokotala ali kutali, anali asanazionepo. Kenaka anandifunsa funso limodzi: amene amalemba za inu ndani? Ndinayamba kutchula mayina, ndipo ndili mkati ndinazindikira kuti pafupifupi onse anali madokotala kapena alendo. Anthu abwino, otifunira zabwino. Koma mlendo ndiye amabwera ndi kalumo kakuthwa, ndipo kalumo ka mayi ameneyu kanandimeta mpala.

Sindikunena kuti titengere za ku America zonse. Iwonso ali ndi mikangano yawo, makamaka ya dzina. Mu 2021 bungwe lawo linavota kuti liwu loti assistant, wothandizira, lisinthe likhale associate, wogwira naye limodzi. Ku Britain, kumene ankatchedwa kale associate, kuunika kumene anatsogolera Gillian Leng mu 2025 kunalimbikitsa zobwerera ku assistant, kuti odwala asamawasokoneze ndi madokotala. Ku South Africa anasankha dzina loti clinical associate pamene anayamba maphunzirowa mu 2008. Ine za mayina sizinditayitsa tulo kwenikweni. Munditche chilichonse, bola pa fomu pakhale mzere wanga.

Manambala osandikomera

Ukayamba kafukufuku chifukwa cha mkwiyo, umafuna kuti manambala onse akuikire kumbuyo. Satero. Mu 2011 magazini ya BMJ inatulutsa pepala limene linaphatikiza kafukufuku 6, wa amayi 16,018 opangidwa opareshoni yotulutsa mwana m'mayiko osauka. Pa imfa za amayi ndi za makanda, panalibe kusiyana kwenikweni pakati pa madokotala ndi ma clinical officer. Koma mabala otukusira ndi mabala omasuka anali ochuluka kumbali yathu.

Sabata yoyamba ndinkafunafuna pothawira. Mwina odwala athu amafika mochedwa, mwina ndi ulusi, mwina ndi mafiyeta opanda madzi. Mwina zonsezo zili ndi mbali yake. Koma ndinakumbukiranso mmene ineyo ndinaphunzirira kutseka mimba: kuonerera wamkulu kangapo, kenaka "pitiriza, ndikubwera". Ngati wamkuluyo anali ndi chizolowezi choipa, ndinachitengera, n'kuchipatsiranso ena. Kuyambira pamenepo pepala limeneli ndimaliwerengetsa ana anga a chaka chachitatu, ndipo ena amakwiya monga ndinakwiyira ine. Tikatha kukangana timatenga masiponji ndi ulusi, aliyense asoke, ine ndikuyeza kutalika kwa malo olowetsa singano ndi rula ya pulayimale. Amadandaula kuti ndine wovuta. Ndimavomera.

Mwabwera kudzatiwerenga?

Pali kafukufuku wina wa ku Mozambique amene ndimakonda kumutchula m'misonkhano. Kumeneko anayamba kuphunzitsa anthu a ntchito ngati yathu kupanga maopareshoni mu 1984. Caetano Pereira ndi anzake anatsatira amene anatumizidwa ku zipatala za m'maboma, ndipo patapita zaka 7, 88 pa 100 alionse a iwowa anali akadali komweko, pomwe madokotala panalibe ndi mmodzi yemwe wotsala. Ndikanena zimenezi anthu amagwedeza mitu, ine n'kumva kukoma.

Chimene sindinena pa maikolofoni n'chakuti ineyo ndinachoka. Ndinati zija za kuchulukitsa manja sizinali zoona zonse. Zinalinso za sukulu yabwino ya ana anga, magetsi, ndi kugona usiku wonse popanda wogogoda pawindo. Munthu wofufuza chimene chimachotsa anthu kumidzi, yankho ali nalo m'nyumba mwake.

Zaka zingapo zapitazo ndinabwerera ku chipatala chija, tsopano ndi kafukufuku wangawanga, dzina langa lili poyamba. Asisita aja anali atapuma koma anawaitananso pa kontirakiti, poti anamwino ndi ochepa. Atandiona ndi chikwama cha mafomu anaseka mpaka kugwira tebulo. "A clinician, munatithawa. Lero mwabwera kudzatiwerenga ngati ng'ombe za ku dipi?"

Ndinawapatsa fomu imodzi monyadira. Ndinali nditaikonza kwa miyezi, komiti yoona za kafukufuku itaivomereza. Mabokosi ake anali ambiri: dokotala, clinical officer, medical assistant, namwino, mzamba, wogonetsa odwala, wa ku labu, wa ku famase, wa ekisireyi. Anavala magalasi, n'kuyendetsa chala kutsika pang'onopang'ono, mpaka pa bokosi lomaliza. Linali lolembedwa kuti "Other".

"Nanga mayi wa tochi uja mumuika pati?"

Ndinalibe choyankha. Nkhani ya usiku uja ndinali nditaifotokoza m'makalasi ndi m'misonkhano kosawerengeka, mayiyo ali momwemo nthawi zonse, koma popanga fomu sanandibwerere m'mutu ngakhale kamodzi.

Asisita anati mayiyo anapuma ntchito, masiku ano amagulitsa mandasi pa geti. Ndinamupeza atakhala pa kampando, chidebe chili pamiyendo. Anandizindikira ndisanafike. "Adokotala! Mwanenepatu." Titalonjerana ndinamufunsa kuti pa pepala la malipiro ntchito yake ankailemba kuti chiyani. Anaganiza kaye, n'kutchula pang'onopang'ono, mawu aliwonse paokha: hospital attendant. Za tochi ankazikumbukira, koma anati sunali usiku umodzi wokha, ndipo mabatire ankagula yekha.

Mafomu ndinali nditasindikiza kale mulu wonse, ndipo kusintha funso kumafuna kubwereranso ku komiti. Ndinakhala pa benchi ya magadiyani, mandasi awiri ali pa nyuzipepala pambali panga, n'kutenga cholembera n'kuyamba kujambula kabokosi kena m'mphepete mwa fomu yoyamba. Kalata yopita ku komiti ndinailemba usiku womwewo ku resitihausi, magetsi atazima, ndikuwunikira ndi foni.